Nyemba za ku Dedza ndi digiri ya fizikisi

Awa ndi mawu amene mchemwali wathu, yemwe wangomaliza digiri ku Zomba, anayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali.



Ndiyambe ndi funso: n'chifukwa chiyani nyemba zimachedwa kupsa kuno kuposa ku Salima? Amayi anga ankati vuto ndi nkhuni. Si nkhuni ayi. Pa Dedza boma tili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600. Mpweya wopanikiza madzi mumphika ndi wochepa, choncho madziwo amawira pa madigiri 95 m'malo mwa 100, ndipo akawira satenthanso kuposa pamenepo ngakhale musonkhezere bwanji. Fizikisi ndi imeneyotu, ndipo mumakumana nayo tsiku lililonse kukhitchini.

Ine digiriyi inanditengera zaka zinayi ku University of Malawi, komwe makolo athu amati ku Chancellor College. Koma kunena zoona, inayambira ku Fomu 3, tsiku losankha maphunziro. Anzanga ambiri, makamaka atsikana, anathawa fizikisi ati ndi ya anyamata. Tinatsala ochepa. Sukulu yathu inalibe labu, moti zida zambiri ndinkangoziona pa chithunzi m'buku.

Sindikunamizani, ku Zomba kunali kowawa. Chaka choyamba masamu anandigwetsa mpaka ndinalemba sapu. Ndinalira, n'kuyamba kuganiza zobwerera kudzathandiza amayi kulima mbatatesi. Chinandipulumutsa ndi gulu la anthu asanu lomwe tinkasova limodzi madzulo alionse. Paja mutu umodzi susenza denga. Fizi ndinalipira ndi ngongole ya boma ya ophunzira, ndipo ngongoleyo njobweza, si mphatso.

Mwina mukuti, "Nanga ntchito ili kuti?" Ntchito zolembedwa pakhomo kuti fizikisi n'zochepa, ndipo ambiri timayamba ndi kuphunzitsa. Koma tsikani phiri mupite ku Golomoti, m'boma lathu lomwe lino. Kumeneko kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022. Malo ngati amenewa amafuna anthu omvetsa kuwala, kutentha ndi magetsi. A zanyengo amawafuna, zipatala za makina a X-ray zimawafunanso. Kodi anthuwo azichokera kwina mpaka liti?

Tsono inu a Fomu 2, pempho langa n'limodzi: musasiye fizikisi chifukwa cha mantha. Ku yunivesite za boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo wa sayansi sangalowe popanda masamu abwino. Mukasiya pano, khomo lija mwadzitsekera nokha.

Ine ndilipo miyezi ingapo. Loweruka lililonse ndizibwera pano ndi mapepala a mayeso akale. Bwerani ndi kope ndi pensulo, tidzasove limodzi.