Zaka zinayi pansi pa kaStarlet kanga

 Polowa pa geti paja mwaona kagalimoto koyera kokhala ndi chitseko chimodzi chofiira. Ndi kanga kameneko. Ndakuonani ena mukuseka, palibe kanthu, nkhani ya chitsekocho ndifikako.

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti, "Aise, nanenso ndikufuna kugula chiphapha ndichidzutse, ndiyambire pati?" Yankho langa ndi ili: yambani ndi zimene zimaimitsa galimoto, kenako zimene zimaiyendetsa, zokongoletsa zibwere pambuyo penipeni. Ineyo ndinasokoneza ndondomeko imeneyi, ndipo ndinatsala pang'ono kupha anthu atatu, mmodzi mwa iwo mchemwali wanga.

Galimotoyi ndi Toyota Starlet, mtundu umene amati EP91. Anaipanga kuyambira 1996 mpaka 1999, kenako m'malo mwake munabwera Vitz imene mukuiona paliponseyi. Injini yake ndi 4E-FE, ya 1331 cc, mavalavu 16. Ndinaigula mu 2021 kwa bambo ena ku Chilomoni, itakhala pa njerwa nthawi yaitali moti nkhuku zinkaikira mazira pampando wakumbuyo. Ndalama zake zinali zimene ndinasunga pokonza mafoni. Tsiku limene tinaikoka ndi chingwe kufika nayo pakhomo, amayi anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Ndalama imeneyi sikanagula malata?" Nyumba yathu inali ikudontha nthawi imeneyo, ndiye funsolo silinali nthabwala.

Ndinasankha Starlet chifukwa ndi yopepuka, simwa mafuta kwambiri, ndipo ukatsegula boneti dzanja limafika paliponse. Kwa munthu wophunzira, zimenezi ndi zazikulu.

Vuto loyamba linali injini. Titailiza inkatentha pakangopita mphindi zochepa, ndipo oyilo ankaoneka ngati tiyi wamkaka. Mukaona zimenezo dziwani kuti madzi akulowa mu oyilo, ndipo kawirikawiri ndi gasiketi ya pamutu pa injini imene yapsa. Amalume anga, amene agwira ntchito m'magalaja kuyambira ine ndisanabadwe, anandiuza kuti ndichotse mutuwo ndikaupaletse ku makina kuti ukhale wosalala, chifukwa ukatenthedwa umapindika. Ndinatero. Koma pomanga ndinachita zanga. Mabawuti a pamutu pa injini amamangidwa motsatana, kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, ndi sipanala ija yoyeza mphamvu. Ine ndinalibe, ndiye ndinangomanga ndi dzanja n'kumati ndikumva kuti zalimba. Patatha milungu itatu gasiketi yatsopano ija inapsanso. Amalume sanandikalipire. Anangondibwereka sipanala yawo n'kukhala pa ndowa, kumandiyang'ana ndikubwereza ntchito yonse. Ulendo wachiwiriwo ndinasinthiratu lamba wa taimingi ndi pampu ya madzi, poti zonse zinali poyera kale. Ndipo chonde, mu redieta musamathire madzi a pachitsime okhaokha. Amadya chitsulo mkati, dzimbiri n'kutseka timipata tonse.

Injini italira bwino, mutu wanga unazungulira. Mukudziwa mmene zimakhalira eti? Ndinachotsa marimu a 13 n'kuika a 15. Ndinagula masipika aakulu moti sikelo ya nyimbo inkamveka ndisanakhote pa msika. Ekizozi ndinaika yaphokoso. Choipitsitsa, ndinadula masipuling'i ndi gulainda kuti galimoto itsike, ioneke ngati zija timaona pa YouTube. Anzathu a m'mavidiyowo sayenda mumsewu wa kwathu nthawi ya dzinja. Hampu iliyonse inkandimenya pansi, ndipo tsiku lina mwala unaphwanya sampu, oyilo yense pansi. Pa miyezi yonseyo mabuleki sindinawakhudze. Ndikaponda inkaima, ndiye ndinkati ali bwino.

Tsiku lina Loweruka tinapita kokayenda ku phiri la Zomba, ine, mchemwali wanga ndi anzathu awiri. Pokwera zonse zinali bwino. Potsika, amene munapitako mukudziwa mmene msewu uja umakhotera, ndinali pa giya yaikulu phazi lili pa buleki njira yonse. Tisanafike pansi ndinaponda, phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda siponji. Ndinapopa, palibe. Ndinakankhira mu giya 2, injini inakuwa, ndinakoka handibuleki pang'onopang'ono, koma liwiro linali lidakalipo ndipo kutsogolo kunali kona. Ndinakhulitsa mbali ya galimoto pachibumi mpaka inaima. Chitseko chimene chinaphwanyika ndi cha kumene kunakhala mchemwali wanga. Anatuluka wopanda bala, koma anatha mwezi osandilankhula, ndipo mpaka lero sanakwerenso galimoto imeneyi.

Chinachitika n'chiyani? Mvetserani apa, chifukwa ngakhale amene simudzagula chiphapha mudzayendetsa galimoto ya wina. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi. Akakhala zaka zambiri osasinthidwa amakhala ndi madzi mkati. Ukaponda buleki nthawi yaitali potsetsereka, mabuleki amatentha kwambiri, madzi aja amawira n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Ndiye phazi lako likungofinya mpweya, mphamvu siikufika ku matayala. N'chifukwa chake mafutawa amati tizisintha pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo potsika phiri umaika giya yaing'ono kuti injini ikuthandize kugwira galimoto. Anga aja anali akuda ngati khofi. Titamasula ndi amalume tinapezanso kuti mapaipi a labala anali ong'aluka, ndipo silinda imodzi yakumbuyo inkadontha mkati mwa dilamu. Zonsezi pamodzi mtengo wake sunkafika pa ndalama imene ndinaononga pa masipika.

Matayala nawo anali nkhani ina. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2312, ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2012. Tayala likhoza kukhala ndi mano ooneka bwino koma labala wake atauma kalekale. Mukamagula akaunjika, werengani manambala amenewo wogulitsa asanayambe kukutamandirani.

Kuchokera pamenepo ndinayambiranso, ndipo ndinagula kope. Patsamba loyamba ndinalemba mabuleki, chiwongolero, mashoki, mabushi, matayala, magetsi. Masipika ndinagulitsa. Masipuling'i odula aja ndinataya n'kubwezeretsa eniake. Mwezi uliwonse ndimagula chinthu chimodzi, ndipo ndimalemba tsiku, mtengo ndi kumene ndagula. Kopelo ndi limene linandionetsa bwino zimene zinachitika kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mashoki amene ndinkasungira ndalama anathawa ndili pafupi kuwagwira, ndipo galimoto inakhalanso pa njerwa miyezi inayi. Ntchito ngati imeneyi imayenda ndi thumba lako, ndipo miyezi ina siyenda n'komwe. Pakati pomwepo ndinaimitsa zonse n'kugula malata aja. Amayi sananene kanthu, koma tsopano Lamlungu amandiuza okha kuti ndikawasiye kutchalitchi.

Za masipeya ndinene mwachidule. Mukamapita ku Ndirande kapena ku Limbe, nyamulani chakalecho m'manja mukayerekeze pomwepo, chifukwa "ndi chomwecho bwana" yandidyera ndalama kangapo. Chitseko, galasi, mpando, sitata, izi gulani zakale, palibe vuto. Koma mapadi a mabuleki, mapaipi ake, lamba wa taimingi ndi magasiketi, gulani zatsopano basi.

Ena mwandifunsa ngati ndidzaike injini ya turbo. Inde ilipo, 4E-FTE, imene inkabwera mu Glanza V. Palinso 5E-FE ya malita 1.5 imene anthu amachotsa mu Corsa kapena Tercel. Kunena zoona mtima umafuna. Koma mphamvu zikachuluka, kilatchi, mabuleki ndi redieta nazonso zimafuna kusintha, petulo naye mukudziwa mmene akuvutira. Komanso nambala ya injini inalembedwa m'mapepala a galimoto, ndiye ukasintha uyenera kukakonzetsa mapepalawo ku Road Traffic, apo ayi udzavutika pa COF ndi inshulansi. Pakali pano 1.3 yangayi ikundikwanira.

Chitseko chofiiracho ndinachipeza pa Starlet ina yophwasulidwa. Ndalama ya penti ndinaipeza kawiri, ndipo kawiri konseko inathera ku zinthu za pansi pa galimoto. Ndinamuuza mchemwali wanga kuti ndidzachipenta tsiku limene adzavomere kukweranso. Wati aganizira.

Loweruka likubwerali ndikusinthanso mafuta a mabuleki kunyumba, kuyambira 8 koloko m'mawa. Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, wina kupopa buleki mkati, wina kumasula kabawuti ku tayala kuti mpweya utuluke. Amene mukufuna kuphunzira bwerani, atsikana inunso, muvale zovala zoti zide. Ndipo amene anabwereka sipanala yanga ya 10 mwezi watha, ndikukuonani kumbuyoko, mubwere nayo.