Magazi a kuchipatala: kupeta kokha sikuchotsa nankafumbwe

Munandituma kuti ndikafufuze funso limene linatitsutsanitsa sabata latha lija: kodi magazi amene amawonjezera munthu kuchipatala sangamupatse matenda? Ine ndine mlimi, ndiye ndifotokoza mwa ulimi momwemo.

Tikakolola chimanga timasankha. Chowola timataya, chofumbwa timapatsa nkhuku. Koma nankafumbwe amaikira dzira mkati mwa njere n'kumata pakhomo. Njereyo imaoneka yabwinobwino, ngakhale mupete kakhumi siichoka. N'chifukwa chake tikatha kusankha timathiranso mankhwala m'thumba. Kusankha ndi ntchito ina, kuthira mankhwala ndi ntchito inanso. Gwirani zimenezi, chifukwa nkhani ya magazi ili chomwecho.

Kusankha kwa kuchipatala ndi kuyeza. Magazi asanapite kwa wodwala amayenera kuyezedwa matenda anayi: HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B, a mtundu wa C, ndi chindoko. Akapezeka ndi amodzi mwa amenewa amatayidwa. Kuyezaku kumagwira ntchito ndithu, ndipo kwapulumutsa anthu osawerengeka. Vuto lili pa dzira lija. Munthu akangotenga kumene HIV pamapita masabata angapo, pena mpaka miyezi itatu, zoyezera wamba zija zisanayambe kukaona kachirombo. Mwiniwake ali bwinobwino, akulima, akupalasa njinga kupita ku Muloza. Akapereka magazi masiku amenewo, zotsatira zikhoza kunena kuti alibe, pamene kalimo. Alipo makina ena amphamvu amene amafupikitsa masiku amenewa, koma kuwathetseratu ayi. Ndipo ife kuno sitinganyoze zimenezi. Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti m'Mozambique muno akulu 12 kapena 13 pa 100 alionse ali ndi HIV, ndipo Zambezia yathu ili pamwamba pa chiwerengero chimenecho.

Tsono akatswiri anafunsa ngati mlimi: bwanji tithire mankhwala m'thumba momwemo, kuti ngakhale kachirombo kamene sitinakaone kafe? Anayambira pa madzi a m'magazi amene amawatcha pulazima. Mukapha mbuzi n'kusiya magazi m'mbale musanaphike uwende, pamwamba pamabwera timadzi tachikasu. Pulazima ndi m'bale wake wa timadzi timeneto, kungoti iye amamupatula magazi asanagwirane, mphamvu yogwiranitsa magazi idakali momwemo. Amaposa pang'ono theka la magazi a munthu. Ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza kuti magazi asiye kutuluka, monga kwa mayi amene akutaya magazi osaleka atachira, kapena wovulala pa njinga yamoto.

Sanayambe zimenezi chifukwa chofuna kutchuka ayi, anayamba maliro atachuluka. Pali anthu obadwa ndi nthenda yoti akatemeka magazi sasiya kutuluka. Mankhwala awo ankapangidwa posakaniza pulazima wa anthu masauzande mumphika umodzi, ena mwa iwo ogulitsa magazi awo ndi ndalama ku America, enanso akaidi. Munthu mmodzi wodwala ankaononga mphika wonse. Ku Britain kokha, lipoti limene linatuluka m'mwezi wa Meyi 2024 linati anthu oposa 30,000 anatenga HIV kapena matenda a chiwindi kudzera m'magazi ndi mankhwala amenewa kuyambira m'ma 1970 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira. Dziko lolemera limenelo, abale, la madokotala ophunzira. Chimene ine ndinatolapo n'chakuti magazi ogula ndi ndalama ndi oopsa kulikonse.

Njira yoyamba imene ndinaimvetsa bwino ndi ya sopo. Inatulukira ku New York Blood Center m'ma 1980. HIV ndi tizirombo ta chiwindi ta B ndi C timavala chikhoto cha mafuta. Popanda chikhotocho sitingalowe m'thupi la munthu n'kuswana. Ndiye amathira mu pulazima mankhwala osungunula mafuta pamodzi ndi ena onga sopo, n'kudikira maola angapo. Chikhoto chija chimasungunuka monga mafuta a m'poto akakumana ndi sopo. Kenako mankhwalawo amawachotsamo, pulazima n'kutsala woyera. Si sopo wochapira uyu, wina asakayese kunyumba! Ku South Africa, ku Pinetown pafupi ndi Durban, kuli fakitale ya National Bioproducts Institute imene imatsuka pulazima mwa njira imeneyi n'kumuumitsa kukhala ngati ufa m'botolo. Pofuna kumugwiritsa ntchito amangosungunula ndi madzi ake apadera. Ameneyu safuna filiji youmitsa madzi ngati pulazima wamba, ndipo inu mukudziwa mmene magetsi amachitira nyengo ya mvula, kaya mmene misewu inadukira nthawi ya Freddy mu 2023.

Ina ndi ya utoto wa buluu, methylene blue, imene inayamba ku Germany m'ma 1990. Amathira pang'ono m'thumba la pulazima n'kuliunika ndi nyale yamphamvu, utoto uja n'kuononga mbewu ya kachirombo. Chodabwitsa n'chakuti utoto womwewo Paul Ehrlich anauyesa ngati mankhwala a malungo kalekale mu 1891.

Koma musathamangire kuwomba m'manja. Sopo uja sagwira tizirombo topanda chikhoto cha mafuta, monga ta chiwindi ta mtundu wa A. Chinanso, sangathiridwe m'magazi athunthu, chifukwa angaswe mbali yofiira ija. Pamene kuno kwathu mwana amene wayera m'maso ndi m'manja chifukwa cha malungo amafuna mbali yofiira yomweyo, osati pulazima. Ana otere ndi amene amadzaza wodi mvula ikagwa.

N'chifukwa chake nkhani ya ku Ghana inandisangalatsa kuposa zonse. Pachipatala cha Komfo Anokye mumzinda wa Kumasi anayesa kuthira vitamini B2, yemwe amapezeka m'mazira ndi mumkaka, m'thumba la magazi athunthu, n'kuliunika ndi kuwala kwapadera. Ankafuna kuona ngati zingaphe tizirombo ta malungo, poti malungonso amayenda m'magazi operekedwa. Zotsatira zinatuluka mu 2016. Mwa odwala 37 amene analandira magazi okhala ndi tizirombo ta malungo osatsukidwa, 8 anatenga malungowo. Mwa 28 amene analandira otsukidwa, anatenga ndi mmodzi yekha. Mmodziyo akutiuza kuti njirayi si yangwiro, koma 8 ndi 1 n'zosiyana kutali.

Makina amenewa ndi odula, ndipo ambiri ali m'maiko olemera. Zipatala za m'maboma ngati lathu lino zimadalira kufunsa mafunso ndi kuyeza. Ndiye mankhwala a m'thumba lathu ndi ati? Ndi pakamwa pa wopereka magazi. Namwino akakufunsani ngati mwagona ndi munthu wachilendo posachedwapa, kaya mwatemera mphini ndi lumo logwiritsa anthu ambiri, nenani zoona. Akakubwezani si manyazi. Manyazi ndi zimene tonse timazidziwa zija: wodwala akafunika magazi, abale athawa, ndiye wina amapita kumsika kukagwira mnyamata wosamudziwa, kumulonjeza mametikali, n'kumuuza kuti ukanene kuti ndiwe malume ake. Munthu amene akudikira ndalama anganene kuti dzana anali kuti? Amene amapereka mwaulere, kawirikawiri, amayezedwa ulendo uliwonse, ndipo magazi ake ndi amene amakhala odalirika kwambiri. Kutsidya kuja bungwe la Malawi Blood Transfusion Service linakhazikitsidwa mu 2003 pa mfundo yomweyi, n'chifukwa chake mumamva kuti amayenda m'masukulu ndi m'matchalitchi.

Ndikudziwa chimene ena mukunong'onezana kumbuyoko: anamapopa. Mu 2017 mphekesera imeneyi inayenda mbali zonse za malire, kuno akuti chupa-sangue, uko akuti anamapopa. Ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu osalakwa anaphedwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Ine maganizo anga ndi akuti mphekesera ija inavulazanso amayi ndi ana amene anasowa magazi chifukwa anthu ankaopa singano. Wachipatala satenga magazi usiku padenga. Amatenga masana, mutakhala pampando, mutavomera nokha, ndi singano yatsopano imene amatsegula inu mukuona.

Amatenga mamililita 450, osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Munthu azilemera makilo 50 kapena kuposa. Bambo angathe kuperekanso pakatha miyezi itatu, mayi miyezi inayi, koma woyembekezera ndi woyamwitsa ayambe adikira. Tsiku lokumbukira opereka magazi ndi 14 Juni, nthawi yoti chimanga talowetsa kale m'nyumba, nandolo sanache. Amene mukufuna kuti tidzapitire limodzi kuchipatala tsiku limenelo mulembetse kwa alembi tikamatuluka, ndipo mudzadye kaye phala musananyamuke. A tcheyamani, ndabweza mpando.