Mwana wosafunsa amalephera ali ndi nzeru

Mawu amene anayankhula mlimi mnzathu pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi

Ine ndine mlimi chabe, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma lero ndati ndiyankhulepo za ana athu a ku sekondale.

Mukudziwa kuti kuyambira 2023 kalasi 7 inapita ku sekondale. Ana ambiri akuchoka pakhomo ali aang'ono, kukakhala ku Fingoè pakati pa anthu osawadziwa. Wanga wamkazi naye anapita. Kunyumba amawerengera bwino ndalama za nkhuku, koma mayeso a masamu a malonda anabwera nawo atalephera. Nditamufunsa, anati, "Ababa, Chipwitikizi cha aphunzitsi chimandipitirira, ndiye ndimachita manyazi kufunsa."

Abale, apa ndinaona kuti wolakwa ndine. Ndi ine ndinamuphunzitsa kuti mwana wabwino amakhala chete pamaso pa akulu.

Patchuthi ndinayamba kupita naye kumsika. Ndinamusiyira ndowa za chimanga kuti alonjere yekha ogula, anenerere mtengo, abweze chenje. Kuno kwathu ena amabwera ndi metikali, ena ochokera ku Zambia amabwera ndi kwacha, ndiye ukakhala wosayankhula amakudyera masuku pamutu. Tsiku loyamba anangoti ndwii. Sabata yachitatu ndinamumva akuuza wogula wina kuti, "Pepani bambo, ndowayi tinagula 250, njinga yatenga 30. Ndikakupatsani pa 280 ndiye ndavutikiranji?" Anagulitsa pa 320, nandiuza yekha kuti phindu ndi 40.

Atabwerera kusukulu anapeza anzake atatu owerenga nawo madzulo. Wodziwa Chipwitikizi amamasulira m'Chinyanja, iye amawathandiza masamu. Akasemphana amakambirana, sanyanyalitsana. Chaka chimenecho anakhoza.

Sindikunena kuti pakamwa pamalowa m'malo mwa buku, ayi. Koma za chuma ndi nkhani ya anthu: kugula, kugulitsa, kukongozana, kukhulupirirana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndiye pempho langa nali. Tiwaphunzitse ana ulemu, inde, koma tiwalolenso kufunsa. Akabwera patchuthi, awerengere nafe ndalama za mbewu ndi za feteleza. Mawu anga athera pamenepa.