Kachitseko ka Thanki ya Mafuta Kakakana Kutseguka

Nkhani ya lero ikuchokera pa Limbuli, m'boma la Mulanje, pa mseu wa M2 wopita ku chipata cha Muloza, m'malire a dziko lino ndi Mozambique. Ndi nkhani ya kachitseko kosaposa chikhatho cha munthu, kamene eni galimoto ambiri sakalabadira kufikira tsiku limene kawachititsa manyazi.

Chakumapeto kwa chaka cha 2024, pamene mafuta adasoŵa m'dziko muno, dalaivala wina wonyamula anthu pakati pa Muloza ndi Mulanje boma adagona pamzere usiku wonse. Kutacha, nthaŵi yake itakwana, adakoka kachogwirira kamene kali pansi pafupi ndi mpando wake, koma kachitseko ka thanki kadangoti chete. Adakokanso kaŵiri, katatu. Kumbuyo anzake adayamba kuliza mahutala. Womwetsa mafuta adati, "Pepani achimwene, tasunthani pang'ono timwetse anzanuŵa." Iye adatuluka pamzere, napita kwa makaniko wina wachikulire wa pamsika, sikuludilaiva ili m'manja, wokonzeka kukanula kachitsekoko ndi mphamvu.

"Bwezani chitsulocho m'thumba, mwanawe," adatero mkuluyo. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka." Adanena zoona. Wokanula ndi chitsulo amakanda penti, amapinda kachitseko, ndipo nthaŵi zambiri amathyola kamsomali kamene kadalibe mlandu uliwonse.

Pa galimoto zambiri zobwera kuchokera ku Japan zitagwirako kale ntchito, kachitseko kameneka kamagwira ntchito mosavuta kumvetsa. Kuchokera pa kachogwirira kaja pamakhala waya woyenda m'kachubu, wonga wa kilatchi ya njinga yamoto. Wayayo amadzera kunsi kwa mphasa ya m'galimoto kufikira kumbuyo, kumene amakoka kamsomali kogwira kachitseko. Kamsomaliko kakabwerera m'kati, kasipuling'i ka pafupi ndi mahinjesi kamakankhira kachitseko kunja. Motero zinthu zimene zingalakwike nzochepa, ndipo kuti zidziŵike pamafunika anthu aŵiri: wina akoke, wina atchere khutu kumbuyo.

Kachogwirira kakamangobwera mopepuka, kumbuyo osamveka kanthu, ndiye kuti waya waduka kapena wachoka m'malo mwake. Kaŵirikaŵiri amachokera kutsogolo komweko, kumene nsapato ndi katundu zimakankha tsiku ndi tsiku, ndipo kumubwezera ndi ntchito yamphindi zochepa. Akaduka, munthu achotse chophimba cha m'mbali mwa buti, apeze pamene wayayo akuthera, nakoke ndi dzanja. Kachogwirira kakauma, ndi dzimbiri laloŵa m'kachubu. Kukoka mwaukali kumangomaliza kudula waya.

Koma makaniko uja atauza dalaivala kuti akoke, kumbuyo kudamveka kuti "kwe". Kamsomali kankayenda bwino lomwe. Chimene chidafa ndi kasipuling'i, kamene dzimbiri lidakadya mpaka kuthyoka, ndipo matope ouma adamata kachitseko m'mphepete monse. Izi sizodabwitsa kuno. Mulanje ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri, ndipo ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chimanyowetsa galimoto masiku angapo osaleka. Onjezanipo matope ofiira a m'miseu ya m'minda ya tiyi, chitsulo chopyapyala sichikhalitsa. Dalaivala ali chikokere, mkuluyo adaloŵetsa kakhadi kakale ka pulasitiki m'mphepete, nakweza pang'onopang'ono, kachitseko nkutseguka. Adatsuka matope, adaikapo kasipuling'i kochokera pa galimoto yakufa, napaka girizi pang'ono pa mahinjesi ndi pa kamsomali. Mafuta ophikira, amene ena amathirapo, sayenera konse: amasanduka phula nkumakoka fumbi.

Pa galimoto zina kachitseko kamatsekedwa ndi magetsi, pamodzi ndi zitseko zonse. Pamenepo mwini ayambe watsegula maloko onse, kenaka akankhe kachitseko ndi chala. Kakakanabe, ayang'ane fyuzi asanaganize zogula kamakina katsopano. Zambiri mwa galimoto zotere zili ndi kachingwe kobisika m'buti, mbali ya thanki, koikidwira tsiku ngati limeneli. Koma ndi angati adaŵerengapo buku la galimoto yawo, makamaka pamene bukulo lili m'Chijapani?

Alipo ena amene vutoli likawatopetsa amangozula kachitsekoko. Posakhalitsa chotsekera thanki nacho chimatayika kapena kubedwa, ndipo pakamwa pa thanki pamaikidwa sanza, pepala lapulasitiki, ngakhale chitsononkho. Kuteroko nkudzisaukitsa. Kuyambira chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malaŵi amasakanizidwa ndi ethanol ameneyu, ndipo ethanol amakoka madzi. Madzi akachuluka m'thanki amatsikira pansi atatengana ndi ethanol uja, pamalo pomwe pampu imayamwira. Injini imayamba kutsokomola, kenaka kuzima pachitunda. Pa galimoto ya dizilo madzi ndi fumbi zimaononga pampu ndi mainjekitala, zimene mtengo wake sungayerekezedwe ndi wa chotsekera. Nchifukwa chake kamphira kozungulira chotsekeracho kayenera kuonedwa: kakang'aluka, chotsekera chisinthidwe. Ndipo thanki yopanda kachitseko imaitana anyamata a kapaipi ndi zigubu, makamaka masiku amene mafuta asoŵa.

Mawu amodzi okhudza moto. Nthunzi ya petulo njolemera kuposa mpweya, motero siuluka msanga. Imakhazikika pansi ndi m'makona a buti. Wofunafuna waya usiku agwiritse ntchito tochi, osati machesi kapena kandulo, ndipo wosuta fodya aime patali.

Ntchito yonse ya makaniko wa pa Limbuli uja siidakwane theka la ola. Dalaivala adalipira, nathamangira kumpope, koma adapeza womwetsa akupinda paipi, mafuta atatha. Madzulo a tsikulo adakafotokoza kwa mwini galimoto chifukwa chimene adabwerera chimanjamanja, kenaka adabwerera kukaimika galimoto pamzere, kumapeto kwenikweni, kudikira thanki yaikulu yotsatira.