Maso Opanda Misozi, M'kamwa Mopanda Malovu

Ku Chipinge ndi ku cigwa ca Honde, kum'mawa kwa Zimbabwe, kuli minda ya tiyi kumene anthu ambiri a ku Malawi ndi ku Mozambique anapita kukagwira nchito. Ndi dziko la mvula ndi nkhungu. Komabe ngakhale kumeneko munthu angathe kuuma maso ndi m'kamwa monga ngati akhala m'cipululu.

Mwacitsanzo, mai wothyola tiyi amva ngati m'maso muli mcenga. Nsima siitsika kukhosi popanda madzi, mano abooka, ndipo thupi litopa dengu lisanadzale. Apita kucipatala, amtenga mwazi, ndipo yankho libwera lakuti mwaziwo uli bwino. Kumudzi ena ayamba kumuyesa waulesi, ena ati walodzedwa. Koma maiyo adwaladi.

Nthendayi ichedwa Sjögren, dzina la dotolo wa maso wa ku Sweden, Henrik Sjögren, amene mu 1933 analemba za akazi 19 odwala motere. Asilikari a m'thupi, amene nchito yao ndi kumenyana ndi tizirombo, asokera nayamba kuononga timatumba topanga misozi ndi malovu. Pa odwala 10, 9 ndi akazi, makamaka opitirira zaka 40. Nthendayi siipatsirana.

Poyesa mwazi, madotolo afunafuna cizindikiro cochedwa anti-Ro. Koma pali odwala ambiri ndithu amene alibe cizindikiroco. Cifukwa cace mwazi wokha sungathe kugamula mlandu. Pafunika mboni zina.

Mboni yoyamba ndi misozi. Dotolo aika kapepala m'cikope capansi, nadikira mphindi 5. Kapepalako kakanyowa mamilimita 5 okha kapena osafika, misozi yacepa. Njirayi anaiyamba Otto Schirmer mu 1903. Dotolo angathenso kudontheza mankhwala a mtundu m'diso kuti aone tizilonda tobwera ndi kuuma.

Mboni yaciwiri ndi malovu. Wodwala akhala phee nalavulira m'kabotolo mphindi 15. Malovu akapanda kupitirira mamililita 1.5, amenewo ndi ocepa.

Mboni yacitatu ndiyo yaikulu. Dotolo acititsa dzanzi mlomo wapansi, nacotsa m'kati mwace timatumba ta malovu towerengeka. Tiyesedwa pa galasi lokuza zinthu. Ndipo asilikari aja akaoneka ataunjikana m'magulu a 50 kapena kuposa, umboni walimba.

Mu 2016 madotolo a ku Ulaya ndi ku America anagwirizana kuwerenga mbonizi monga malikisi a kusukulu. Cizindikiro ca m'mwazi cilandira 3, umboni wa mlomo 3, ndipo misozi, tizilonda ta m'diso ndi malovu, ciri conse 1. Pofunika kufika ndi pa 4. Motero munthu amene mwazi wace sunaonetse kanthu angafikepo ndithu, koma pokhapokha mlomo utayesedwa.

Asanafike pamenepo, dotolo ayenera kucotsa zifukwa zina zoumitsa m'kamwa: matenda a shuga, hepatitis C, ndi mankhwala ena a cimfine kapena a maganizo. Nako kacirombo ka HIV katupitsa m'masaya ndi kuumitsa m'kamwa mofanana ndi Sjögren, cotero kuyezetsa nkofunika. Wodwala atenge mankhwala onse amene akumwa, akamuonetse dotolo, ndipo apemphe kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu, monga ku Harare, ku Blantyre kapena ku Lusaka.

Mankhwala ocizira nthendayi sanapezeke, koma othandiza alipo: misozi ya m'botolo yodontheza m'maso, kumwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, kutsuka mano ndi mankhwala a fluoride, kucepetsa shuga m'tiyi, ndi kupewa utsi wa fodya ndi wa m'khichini. Diso louma likanyalanyazidwa licita zilonda, ndipo mano atha. Tsaya likatupa osaphwa, wodwala abwerere msanga kwa dotolo, pakuti mwa odwala owerengeka nthendayi ibala khansa ya anabere.

Tsono abale ndi akapitao a m'minda asafulumire kuweruza. Amene wauma maso ndi m'kamwa miyezi itatu abwerere kucipatala, ngakhale pepala la mwazi linati zonse ziri bwino, akafunse za misozi, malovu ndi mlomo.