MAYESO OYAMBA SI MLANDU

Madzulo ano ndifuna kukamba za mayeso amene aphunzitsi ayesa nao ana asanayambe kuwaphunzitsa, pakuti makolo ena akamva zotuluka zace athamangira mkwapulo.

Inu ogwira nchito pansi mudziwa kuti munthu asanalembedwe, dotolo ayamba wajambula cifuwa cace. Cithunzico acisunga, kuti m'tsogolo acilinganize ndi catsopano, naone ngati pfumbi la mwala laononga mapapo. Mayeso oyamba a mwana ali cimodzimodzi. Mulibe kupambana kapena kulephera m'menemo. Angoonetsa pamene mwana waima lero, kuti tidzathe kuona ulendo umene wayenda.

Mu 2016 Boma linayamba nchito yochedwa Catch Up m'masukulu 80 a m'zigawo za Kum'mawa ndi Kumwera, potsata njira ya bungwe la Pratham la ku India, ndipo pambuyo pace inafalikira ku zigawo zina. Mphunzitsi aitana ana a Giredi 3 mpaka 5 mmodzi mmodzi, nawapatsa pepala kuti awerenge. Makwerero ace ndi asanu: wosadziwa zilembo, wodziwa zilembo, wowerenga mau, wowerenga ndime, ndi wowerenga nkhani yathunthu. Masamu naonso ayesedwa. Tsono ana a khwerero limodzi aphunzira pamodzi kosayang'ana giredi, ndipo pakati pa nchitoyo ndi pa mapeto pace ayesedwanso.

Tiyerekeze kuti mwana wanu wa Giredi 4 walembedwa pa khwerero la mau. Ndiye kuti zilembo anazigwira kale, catsala ndi kulumikiza mau akhale ciganizo. Mukammenya, mawa adzaopa kutsegula pakamwa pamaso pa mphunzitsi, ndipo adzakhala pomwepo. Makamaka pitani ku sukulu mukafunse zinthu zitatu: Mwana wanga ali pa khwerero liti? Lotsatira lace ndi liti? Nanga kunyumba ndicitenji? Ngakhale inu simudziwa kuwerenga, mungathe kukhala naye pakhonde mutaweruka, ndi kumvetsera iye alikuwerenga.

Kwa inu aphunzitsi: ciyambire 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, makalasi adzala, ndipo nchito yanu yakula. Komabe musakometse ziwerengero poopa akuluakulu. Mwana wodziwa zilembo zokha mukamlemba pa nkhani, mwamtsekera thandizo lomwe analifuna. Musachule maina a ana pa msonkhano wa makolo. Uzani kholo liri lonse palokha, m'mau apafupi, ndi kulionetsa pepala limene mwana anawerenga.

Ndipo inu ana, musacite manyazi pokhala gulu limodzi ndi ang'ono anu. Funsani mphunzitsi akuonetseni khwerero lotsatira, kuti tsiku loyesedwanso mudzadzionere nokha ngati mwakwera.