NZERU ZACHIBADWA: ZITIFIKITSA PATI?

Inu a m'miphakati ya kuno ku Chitawira,

Pali nzeru zimene munthu sapitira kusukulu kuti azipeze. Mayi wogulitsa tomato pa msika amadziwa kuti ndalama ya mpamba sadyera ndiwo. Izi ndi nzeru zachibadwa, ndipo Mulungu sadamane munthu aliyense.

Nzeru zimenezi ziri ndi mphamvu. Kalata ya Aepiskopi imene idawerengedwa m'matchalitchi athu pa 8 Malichi 1992 idanena zimene anthu wamba adaziona kale: malipiro ochepa, zipatala zosowa mankhwala, mantha olankhula. Chimene chidasowa si nzeru ayi, koma ufulu wozinena poyera. Choncho wandale akakupatsani nsalu kapena ndalama pa nthawi ya kampeni, simufunika digiri kuti mufunse kuti ndalamazo zachokera kuti.

Koma nzeru zachibadwa zimangodziwa zimene maso adaonapo kale. Tayang'anani phiri la Soche apo. Anthu adamanga m'mbali mwake, mitengo nkutha, zaka zambiri osaona choopsa. Kodi munthu woti wakhala pamalo zaka makumi awiri mungamuuze chiyani? A zanyengo atachenjeza za namondwe Freddy mu Malichi 2023, kusachoka kudaoneka ngati kuganiza bwino: usiye nyumba ndi katundu, akuba alowe? Koma nthaka yopanda mizu ikamwa mvula masiku angapo imalemera nkuyamba kutsetsereka. Matope ndi miyala zidatsikira pa Chilobwe usiku, ndipo tidaika maliro ochuluka. Sitikuwaweruza abale athuwo. Ambiri adamanga kumeneko chifukwa kwina malo ndi odula, ndipo iyi ndi nkhani yofunsa a khonsolo ya mzinda.

Chimodzimodzi kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Maso amati madzi oyera ndi abwino, chonsecho tizilombo ta kolera sitioneka. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Apa wofunsidwa ndi wazaumoyo, amene adzakuuzani kuti madziwo muwiritse kapena muthiremo klorini.

Pa msonkhano wa mphakati sabata ino, tawerengani mabanja a pakati panu amene akukhala m'mphepete mwa mtsinje kapena m'munsi mwa phiri. Maina awo muwapereke kwa apampando a tchalitchi mvula isanayambe.